Momwe a pa sitima ya kafukufuku amalankhulirana ndi akumtunda

Achimwene, mwafunsa kuti sitima ya kafukufuku ikafika pakati pa nyanja yamchere, kopanda netiweki ya foni, amalankhulana bwanji ndi akumtunda.

Pafupi ndi gombe amadalira wailesi ya VHF, ndipo tchanelo 16, pa 156.8 MHz, n'choitanirapo thandizo pangozi. Koma VHF siifika patali, makilomita makumi angapo basi.

Akatalikira, ntchito imagwira ndi setilaiti, ndipo apa mpamene pamandisangalatsa. Dishi ya DStv padenga panu ku Ndirande anaikhomera kumodzi chifukwa nyumba sisuntha. Sitima imayendayenda ndi mafunde, choncho dishi yake ili ndi makina oitembenuza kuti isataye setilaiti ngakhale kukhale namondwe.

Masetilaiti a kampani ya Inmarsat ali makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator, mzere wodutsa pakati pa dziko lapansi, ndiye kumpoto ndi kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi uthenga wawo sufikako bwino. N'chifukwa chake opita ku Antarctica, kumwera kwenikweniko, komwe sitima ya kafukufuku ya S.A. Agulhas II imapita kuchokera ku Cape Town, amadaliranso kampani ya Iridium: masetilaiti 66 ozungulira pafupi ndi dziko, makilomita 780 m'mwamba, odutsanso kumeneko.

Sitima ikamira, kachipangizo ka EPIRB kamayandama n'kudziyatsa kokha, kutumiza chizindikiro pa 406 MHz kuti opulumutsa adziwe pokafuna anthu.