Mlowam'malo kapena wogwirizira? Onani kaye ngati mwini mpando abwerera

Mayi mlembi, funso lanu ndaliona. Mwati apampando a banki m'khonde yanu ku Chibavi agonekedwa m'chipatala, mwasankha mayi wina kuti aziyendetsa gulu, ndiye mukufuna kudziwa ngati m'kalata yopita kwa mamembala mungawatche "mlowam'malo". Chonde musalembe choncho. Mawu oyenera ndi "wogwirizira mpando".

Ena ayankha kale kuti zonsezi n'chimodzimodzi, koma ine ndikukana. Mlowam'malo ndi munthu amene walowa pamalo pamene mwini wake wachokeratu, kaya wamwalira, wapuma ntchito kapena wachotsedwa. Wogwirizira amangosunga. Mvetserani mawuwo: kugwirizira kuli ngati muja mnzako amakupatsira mwana pa depoti kuti "tandigwirirani ndikagule madzi". Mwanayo sasanduka wako, mayi wake akubwera.

Ndinaziona ndi maso anga pa msonkhano wina wa kumpingo ku Zolozolo. Mkulu wathu wina anali atadwala miyezi iwiri, ndipo mnyamata amene ankatsogolera mwambo, mosaganiza choipa chilichonse, anati, "Tiyeni tiwalandire alowam'malo a bambo athu aja." Akazi a odwalawo anali pa benchi yachiwiri. Sanayankhule kanthu, anangokoka chitenje n'kuphimba kumaso, kenako n'kutuluka. Kwa iwo zinamveka ngati mpingo wawaika kale amuna awo m'manda ali moyo. Zinatengera akuluakulu kupita kunyumba kukapepesa. Mpaka lero ndikamva mawuwa akutchulidwa mwachisawawa ndimakumbukira chitenje chija.

Pa nkhani za ufumu m'pamene kusiyanaku kumaonekera bwino. Mfumu ikamwalira, pamakhala wina wogwirizira ufumu pamene banja likukambirana, ndipo nthawi zina amagwirizira zaka. Akadzalonga mfumu yatsopano, ameneyo ndiye mlowam'malo. Kwa Achewa kawirikawiri amachokera kuchikazi, mwana wa mlongo wake wa mfumu, pomwe kwa Angoni a ku Mzimba ufumu umatsata kuchimuna, monga M'mbelwa V analowa m'malo mwa bambo ake, M'mbelwa IV, amene anamwalira mu 2013. Anzathu a Chitumbuka kuno amati muhaliri, ndipo nawonso sangamutche munthu choncho mwini wake akupumabe.

M'boma n'chimodzimodzi. Pulezidenti akapita kunja, wachiwiri wake amangoyang'anira zinthu. Koma Bingu wa Mutharika atamwalira mu Epulo 2012, mayi Joyce Banda analumbira kukhala pulezidenti weniweni, mlowam'malo. Ndipo ife a kuno sitingaiwale ndege ija inagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024 ikubwera ku Mzuzu kuno. A Michael Usi atalumbira kukhala wachiwiri kwa pulezidenti, analowa m'malo mwa malemu Saulos Chilima amene anamwalira pa ngoziyo, sanali kugwirizira.

Palinso "woimira" kapena "nthumwi". Ameneyu mwini wake alipo, ali bwinobwino, wangomutuma. Phungu amaimira anthu a dera lake, loya amaimira munthu pa mlandu, ankhoswe amaimira banja. Tsiku limene apampando anu adzatume munthu ku msonkhano atachira, ameneyo adzakhala wowaimira.

Mwina chimene chasokoneza ena ndi sukulu, chifukwa tonse mawuwa tinawaloweza m'kalasi ya Chichewa: mlowam'malo ndi mawu amene amaima m'malo mwa dzina, monga ine, iwe, iye, ife, inu, iwo. Pamenepo palibe wamwalira, n'zoona, dzina limatha kubwereranso m'chiganizo chotsatira. Koma limenelo ndi tanthauzo la m'malamulo a chiyankhulo, ndipo munthu amene mwamuna kapena mayi wake ali pa bedi m'chipatala saganiza za galamala.

Ku mpira mawuwa amakhala bwino. Mukakhala pa Mzuzu Stadium, Moyale Barracks n'kusintha wosewera, amene wachoka pa benchi walowadi m'malo, poti wotulukayo sabwereranso m'masewero amenewo. Pa zinthu ndiye timangoti "m'malo mwa": nsinjiro m'malo mwa mafuta, soya m'malo mwa nyama. Kungoti musadzauze munthu wa ku Nkhata Bay kuti kondowole amadyedwa m'malo mwa nsima ya chimanga, kwa iye kondowoleyo ndiye nsima yeniyeni.

Chinanso, popeza gulu lanu ndi la ndalama, mawuwa ali ndi ntchito yoposa ulemu. Mukalemba "mlowam'malo", wina adzatha kunena kuti mpando anapatsidwa basi, ndipo apampando akadzatuluka m'chipatala mudzayamba kukangana za amene asaine pogawana masheya. Mukalemba "wogwirizira", aliyense akudziwa kuti buku ndi makiyi a bokosi zidzabwerera kwa eni ake.

Ine ndikanalemba motere: "Pamene apampando athu akulandira chithandizo, mayi akutiakuti agwirizira mpando kufikira iwo atachira." Mukapita kukawazonda, muwawerengere chiganizo chimenechi, amve okha kuti gulu likuwadikira.