Mafilimu a anthu osanduka mimbulu ochokera m'mabuku

Mwafunsa ngati mafilimu owopsa a anthu osanduka mimbulu anachokera m'mabuku monga mmene zilili ndi Dracula, komanso ngati n'kofunika kuyamba mwawerenga musanaonere. Mafilimu otere alipo koma ndi ochepa, ndipo angapo mwa iwo anangotengako dzina kapena mutu wa nkhani, zina zonse n'kuzisiya m'buku momwemo. Ngakhale mafilimu awiri otchuka kwambiri, The Wolf Man wa 1941 ndi An American Werewolf in London wa 1981, sanachokere m'buku lililonse.

Buku limene ndikulilemekeza kuposa onse ndi The Werewolf of Paris, limene Guy Endore anatulutsa mu 1933. Nkhani yake imafika pachimake mu 1871, pamene asilikali ankapha anthu miyandamiyanda mumzinda wa Paris, moti wowerenga amayamba kudzifunsa kuti chilombo chenicheni n'chiti pakati pa Bertrand, munthu wosanduka mmbulu wa m'bukuli, amene ankapha mmodzimmodzi usiku, ndi anthu ovala yunifomu aja. Kampani ya Hammer itapanga The Curse of the Werewolf mu 1961 inasamutsira nkhaniyo ku Spain, ndipo funso lija linatsala ku Paris. Oliver Reed anasewera bwino ndithu, koma amene waonera filimuyo yokha asanene kuti bukulo akulidziwa.

The Howling wa 1981, amene anawongolera Joe Dante, anachokera m'buku la Gary Brandner la 1977, ndipo apa ndikuona kuti kusinthako kunathandiza. Mayi wa m'nkhaniyo anamusandutsa wowerenga nkhani pa TV, ndipo Rob Bottin, katswiri wokonza maonekedwe a zilombo m'mafilimu, anaonetsa poyera khungu likutukusira, pakamwa pakutalika, zikhadabo zikutumphuka, zinthu zimene pepala silingathe kuonetsa. Amene amatsatira bukulo mokhulupirika ndi Howling IV wa 1988, wojambulidwa ku South Africa, koma ndi wozizira kwambiri.

Ngati mukufuna poyambira, yambani ndi Silver Bullet wa 1985, chifukwa Stephen King analemba yekha filimuyo kuchokera m'kabuku kake ka 1983, Cycle of the Werewolf, kamene kali ndi mitu 12, mwezi uliwonse mutu wake. Mnyamata Marty, woyenda panjinga ya olumala, amathibula diso la chilombocho ndi makombola, kenako mlongo wake amazungulira tauni yonse kufunafuna munthu wa diso limodzi. Amene anakulira kumva za mnansi wosanduka fisi adzazindikira msanga mantha amenewa, akuti mdani ndi munthu amene mumapatsana naye moni masana.

Wolfen wa 1981, wochokera m'buku la Whitley Strieber, musamuyembekezere zambiri pankhaniyi, poti zilombo zake za ku New York si anthu osanduka ayi. Choncho Endore mumuwerenge ndithu, pamene The Howling ndi Silver Bullet mungathe kungoonera osataya kanthu.