Si Akhristu okha amene amati zapadziko n'zakutha

Achimwene, mwafunsa ngati ndi Akhristu okha amene amaphunzitsa kuti zapadziko n'zosakhalitsa. Ayi ndithu. Ife ku tchalitchi cha Katolika cha Maula timapakidwa phulusa pachipumi Lachitatu la Phulusa, kutikumbutsa kuti ndife fumbi. Asilamu amaika maliro mwamsanga, thupi litakulungidwa m'nsalu yoyera, wolemera ndi wosauka chimodzimodzi.

Abuda, otsatira chiphunzitso cha Buddha, ndiye amapita nazo patali: amati ngakhale mwa munthu mulibe chokhazikika, ndipo kukakamira zinthu ndiko kumabala mavuto. Amonke awo a ku Tibet, anthu odzipatula chifukwa cha chipembedzo, amatha masiku akujambula chithunzi ndi mchenga wamitundumitundu, akamaliza n'kuchisesa, mchengawo n'kukathira mumtsinje. Apa ine ndimasiyana nawo, chifukwa kwathu kwa Achewa womwalira sathera m'manda. Amakhala mzimu woyang'anira abale, Gule Wamkulu amamuperekeza, ndipo dzina lake limapatsidwa kwa mwana wobadwa pambuyo.