Akati m'mimba mulibe chilonda, sakunena kuti mukunama

Amayi, mwati mwatha chaka mukumva kutentha pamwamba pa mchombo, ndipo mukangodya mbamu ziwiri zitatu za nsima mwakhuta kale. Atakumezetsani kapaipi ka kamera sanapeze chilonda, ndiye abale ayamba kunena kuti ndi maganizo chabe. Musawamvere. Ululu wanuwo ndi weniweni, ndipo madokotala amautcha functional dyspepsia. Kuyambira 2016 akatswiri amauika m'gulu la matenda obwera chifukwa chakuti m'mimba ndi ubongo sizikumvana bwino.

Chifu ndi ubongo zimatumizirana uthenga usana ndi usiku, makamaka kudzera mu mtsempha wotchedwa vagus. Pa timaulusi 10 ta mtsemphawu, pafupifupi 8 timanyamula uthenga kuchoka kumunsi kupita kumutu. Kwa munthu wabwinobwino ubongo umasefa uthengawo, n'chifukwa chake sitimva chakudya chikugayidwa.

Ku Leuven, m'dziko la Belgium, gulu la Jan Tack ndi Lukas Van Oudenhove linkamezetsa anthu kachibaluni, n'kumakapopa pang'onopang'ono kali m'chifu, uku akujambula ubongo ndi makina a PET, amene amaonetsa mbali za ubongo zimene zikugwira ntchito. Ena mwa odwala matendawa ankayamba kumva kuwawa kachibaluniko kasanafufume kwenikweni, pamlingo umene anthu athanzi sankadandaula n'komwe. Zithunzi zinasonyezanso kuti mbali za ubongo zimene zimayenera kuziziritsa ululu sizinkadzuka mokwanira, ndipo nkhawa komanso nkhanza zimene munthu anachitiridwa kale zinkasintha mmene ubongo ukuyankhira. Ku Chengdu, ku China, akatswiri ena anajambula ubongo wa odwala atangogona osachita kanthu, napeza kuti mbali zotchedwa insula ndi anterior cingulate cortex zinkagwira ntchito mopitirira. Amene zizindikiro zawo zinali zamphamvu, mbali zimenezi zinkatakatakanso kwambiri. Zili ngati wailesi yokwezedwa mpaka kumapeto, kaphokoso kakang'ono kamaboola m'makutu.

Koma musayambe kusonkha ndalama zoti mukajambulitse mutu. Kafukufukuyu amayerekeza magulu a anthu, sangauze munthu mmodzi kuti iwe uli nawo kapena ulibe. Zithunzizo sizinenanso chimene chinayamba. Ena nkhawa ndi imene imatsogola, koma ambirinso mimba ndi imene imayamba kuvuta, nkhawa n'kubwera pambuyo. Ndani angakhale ndi mtendere atakhala chaka akuopa mbale ya nsima? Ndipo kwa odwala ena, kachigawo ka matumbo kotsatana ndi chifu kamapezeka kotupa pang'ono mkati, kutupa kooneka pa maikulosikopu pokha.

Mukabwerera kuchipatala, kaya ku Mzuzu Central kapena kumene munapita poyamba, funsani ngati anakuyezani kachilombo ka Helicobacter pylori. N'kofala kwambiri kuno ku Africa, ndipo ena amapeza bwino akamaliza mankhwala ake. Omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'chifu, amathandizanso ena. Akakupatsani amitriptyline wa mlingo wochepa womwa usiku, musakhumudwe poona kuti ndi mankhwala amene amaperekedwanso kwa ovutika maganizo. Pamlingo wochepawo ntchito yake ndi kutsitsa ululu m'mitsempha, ndipo amathandiza makamaka amene vuto lawo ndi kuwawa, osati kukhuta msanga. Amatenga milungu ingapo kuti mumve kusintha, musawasiyire panjira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi brufen, diclofenac ndi aspirin amene timangogula pagolosale mutu ukangowawa. Amenewa amakanda chifu, apeweni. Idyani pang'onopang'ono koma kangapo patsiku. Tchipisi tamafuta ta pachiwaya ndi tsabola wa kambuzi muyambe mwazisiya milungu iwiri muone ngati pali kusintha. Khofi nayenso, ngakhale kuzizira kwa Mzuzu m'mwezi wa Juni kumachititsa kuti munthu azimufuna m'mawa uliwonse, ena amawautsira kutentha kuja.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira nazo. Ngati mukuonda popanda chifukwa, mukusanza magazi kapena kusanza kosalekeza, chimbudzi chikutuluka chakuda bii, magazi akuchepa m'thupi, kapena nsima ikuima pakhosi pomeza, pitani msanga ngakhale anakuunikani kale. Khansa ya kummero ndi yochuluka m'Malawi muno, ndipo kuvutika kumeza ndi chizindikiro chake chachikulu.

Tsiku lokaonananso ndi adokotala mutengane ndi mmodzi wa abale amene akukayikawo, akadzimvere yekha, ndipo munyamule kakope kolembamo zimene munadya ndi nthawi imene ululu unayamba.