Density ija mukuloweza mkalasi, anzanu ena akudyera pomwepo

Mtsikana wina wa fomu 3 wandilembera kuti Chemistry amaikonda kwambiri koma mayi ake akuti za mu labu zilibe ntchito kuno, bola unesi. Panopa akuphunzira density ndiye akufunsa ngati munthu angadye nazo zimenezi.

Mwana wanga, funso lako landisangalatsa zedi, ndipo mayi ngati mukuwerenga nawo khalani pompo mumve. Unesi ndi ntchito yabwino, sindikutsutsa ayi. Koma density yomwe mwanayu akuwerengera pa pepala, kulemera kwa chinthu kugawa ndi malo omwe chatenga, ndi chimodzi mwa zinthu zoyambirira zomwe munthu woona za chitetezo amafuna adziwe asanakhudze mankhwala aliwonse.

Taona. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Lita ya petulo ndi pafupifupi 0.75, dizilo cha m'ma 0.84, pomwe sulphuric acid wosasungunula ndi 1.84. Ndiye diramu ya malita 200 ya madzi ndi makilo 200 koma ukathiramo asidi uja ndi makilo 368, diramu yomweyo kukula komweko, ndipo munthu yemwe sanawerengere akaiika pa shelefu yomwe inapangidwira kulemera kwa madzi shelefu ija itha kuthyoka asidi nkumwazikira anthu. Petulo naye poti ndi wopepuka amayandama pamwamba pa madzi, nchifukwa chake moto wa petulo sazimitsa ndi ndowa ya madzi, madzi amalowa pansi nkumaunyamula motowo kupita nawo kwina, pamafunika mchenga kapena thovu lozimitsira moto. Gasi wophikira uja ndi wolemera kuposa mpweya womwe timapumawu, akamatuluka mu silinda sakwera kudenga, amatsikira pansi nkukhala phee m'makona kudikira machesi. Zonsezi zimalembedwa pa pepala lotchedwa Safety Data Sheet lomwe limayenda ndi mankhwala, pa gawo 9, ndipo nambala imeneyo pali munthu anachita kuiyeza.

Kayezedwe kake sikovuta koma kamafuna munthu wodekha. Pali ka galasi kotchedwa hydrometer, umathira zamadzimadzi zomwe ukuyezazo mu botolo lalitali loonekera mkati, nkukaviika pang'onopang'ono, kakasiya kugwedezeka umawerama diso lifanane ndi pamene pathera madzi kenako nkuwerenga nambala. Ukawerenga utaimirira walakwitsa kale. Ndiye pambali pakhale thermometer, chifukwa zamadzimadzi zikatentha zimafufuma density nkutsika, thanki ya mafuta yochokera ku Beira ikafika dzuwa la Okutobala lili pamutu nambala yake siingafanane ndi ya mmamawa, nchifukwa a zamafuta amaibwezera ku 15°C asananene kuti mafutawa ali bwino kapena wina wasakanizamo zina. Amakanika ena amayezanso asidi wa mu batire chimodzimodzi, batire yodzadza bwino imaonetsa cha m'ma 1.27.

Koma apa ndipomwe ndikufuna umvetsetse, density payokha siimaliza nkhani. Ethanol yemwe ali mu mowa ndi methanol yemwe amachititsa khungu ngakhale kupha kumene, onse ali pa 0.79, hydrometer singawasiyanitse. Munthu wophunzira bwino amadziwa pomwe chida chake chathera mphamvu nkutumiza sampulo kukayezedwa mwa njira ina. Ameneyo ndi amene mabwana amamufuna, osati wongodziwa fomula.

Ntchito zilipo mayi. Malawi Bureau of Standards imayeza katundu, MERA imayang'anira za mafuta, ma water board ali ndi malabu, ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuli mafakitale a ethanol, osanena za shuga, utoto, sopo ndi zakumwa. Sindikunamizani kuti malo ndi ambirimbiri, amalimbirana ndithu, ndipo ambiri amayamba ndi internship ya ndalama zochepa. Sukulu zake, UNIMA ku Zomba ili ndi Chemistry, MUST ku Thyolo ili ndi Chemical Engineering, MUBAS ku Blantyre ili ndi Industrial Laboratory Technology. Pa MSCE limbikira Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi, ndipo NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ikatulutsa zofunikira za chaka chako uziwerenge wekha poti zimasintha. Biology usaitaye, kuti khomo la unesi lomwe mayi akufuna likhalebe lotsegula mpaka udzasankhe wekha.

Sabata ino pempha aphunzitsi sikelo ya mu labu ndi measuring cylinder, uyeze 50 ml ya madzi, ya mafuta ophikira ndi ya madzi amchere, chilichonse katatu, magalamu omwe wapeza uwagawe ndi 50 kuti upeze density, ulembe zonse ngakhale zikusiyana. Petulo ndi asidi usakhudze pawekha chonde. Mafuta ophikira akuyenera kukupatsa cha m'ma 0.92, ukapeza zina undilembere tione pomwe panasokonekera.