Masipuling'i a Dyna pa Hilux: ikwera bwanji?

Achimwene, mwafunsa kuti Hilux yanu ikwera motani kuchokera pansi mukaikamo masipuling'i a lole ya Toyota Dyna. Yambani mwaona ngati kutalika, m'lifupi ndi malo a bauti wapakati zikufanana, apo ayi difu (ekiselo yonyamula matayala akumbuyo) ikhala pamalo olakwika. Kenako gonekani masipuling'i onse awiri, ya Hilux ndi ya Dyna, pansi, kokani chingwe kuchokera diso lina (bowo la kumapeto kwa sipuling'i) kukafika linzake, muyeze mpata wochokera pachingwepo mpaka pachitsulo chachikulu pakati. Kusiyana kwa mipata ya masipuling'i awiriwo ndi poyambira chabe. Ya Dyna njolimba, siwongoka kwambiri galimoto ikaitsamira, ndiye ikwera kuposa pamenepo. Ngati sipuling'i imakhala pamwamba pa difu, onjezaninso kusiyana kwa kuchindikala kwa zitsulozo.

Chonde, paipi ya mabuleki muitalikitse, mashoko muwayezenso. Pamabampu a msewu wa ku Kachulu paipi yaifupi imakokeka n'kuduka.