Kaseti ija ya agogo ndi ya Don Williams

Eee mphwanga, ndamva funso lako lija, akuti bambo wa chipewa ndi ndevu ali pa kaseti wayipeza mu sutikesi ya agogo akoyo ndi ndani. Ameneyo ndi Don Williams, woyimba country waku America, anabadwira ku Floydada, Texas, mu 1939, ndipo gitala anamuphunzitsa ndi mayi ake. Koma usaone ngati zinangomuyendera ayi. Anayamba wapita ku usilikali, kenako m'ma 1960 mumo ankayimba mu gulu la Pozo-Seco Singers, gululo litatha iye nkubwerera ku Texas kukagulitsa mipando ndi matebulo kwa apongozi ake, munthu wa mawu ngati amene aja kumagulitsa mipando, taganiza. Mpaka anapita ku Nashville kukalemba nyimbo pa kampani ya Jack Clement, mkulu wojambula nyimbo, nkumene anayamba kujambula payekha.

Tsono chimene ndikufuna umvetse ndi kayimbidwe kakeko. Sankakuwa munthu uja, mawu a besi ophwa bwinobwino, ng'oma yapansipansi, gitala, basi, ngati akukulangiza muli awiri pakhonde. Ankamutchula Gentle Giant poti anali chimunthu chachitali koma chofatsa. Agogo ako nchimene anamukondera, Lamulungu masana akabwera ku tchalitchi amatulutsa wailesi ija pansi pa mtengo wa mango, mabatire atawayanika kaye padzuwa, ikayamba You're My Best Friend ife ana tonse ziii, ukasokosera umaona ndi diso lokha. Tepi ikatafunidwa ndine ndinkaibweza ndi bolopeni.

Nyimbo zina ankachita kumulembera anzake, zina ngati Lay Down Beside Me analemba yekha. Zokwana 17 zinafika pa nambala wani pa mndandanda wa nyimbo za country ku America, mu 1978 anapata mphoto ya CMA, bungwe la nyimbo za country, ya woyimba wamwamuna wopambana, 2010 nkumulowetsa mu Country Music Hall of Fame, momwe amalemekezera akatswiri a country. Kuno kwathu anafikako pafupi, 1997 anakayimba ku Harare, agogo ako anadandaula sabata yonse kuti ndalama ya basi palibe. Mkazi wa Don anali mmodzi yemweyo, Joy, kuyambira 1960 mpaka iye kumwalira pa 8 September 2017 ali ndi zaka 78.

Kasetiyo chonde usataye, usayiike padzuwa, ubwere nayo pa Khisimisi, wailesi yake ija ndikadali nayo ine.